KUDONTHA KWA MKODZO PAMBUYO PA OPALESHONI YA IMPSO

Munthu akachitidwa opaleshoni ya impso, iye ndi abale ake ayembekeza kuti bala likapola nkhani yatha. Kwa anthu ambiri zitero ndithu. Koma alipo ena owerengeka amene, atapita masiku atatu kapena asanu, aona madzi achikasu alikutuluka pa bala, kapena m'kapaipi kamene adotolo adasiya m'nthiti, ndipo madziwo saleka. Zovala zinyowa, pogona panyowa, ndi fungo limveka m'nyumba. Pamenepo wodwala ataya mtima, naganiza kuti opaleshoni yalephera. Ena afika pakunena kuti pali munthu amene wamlodza. Nkhani ino ifotokoza chimene chichitika m'thupi pa nthawi yotere, chimene achipatala achita, ndi ntchito imene itsalira wodwala ndi omsamala kunyumba. Mawu oyamba kuwasunga ndi awa: kudontha kumeneku adotolo akudziwa bwino, ndipo kawirikawiri kutha popanda opaleshoni yachiwiri, malinga mkodzowo upatsidwe njira yabwino yotulukira.

Impso ndi njira ya mkodzo

Munthu ali ndi impso ziwiri, zimene zikhala kumsana pansi pa nthiti zotsiriza, ina kumanja ina kumanzere. Impso imodzi ya munthu wamkulu italika masentimita 10 kufikira 12, ndipo ilemera ngati magalamu 150. Kukula kwake kufanana ndi nkhonya ya mwini wake. Ntchito yake yaikulu ndiyo kusefa mwazi. M'impso iliyonse muli tisefa tosaoneka ndi maso tokwana ngati 1 miliyoni. Pa mphindi iliyonse mwazi wopitirira lita imodzi upyola m'impso ziwirizo, ndipo pa tsiku limodzi tisefato titulutsa madzi okwana ngati malita 180. Madzi ochuluka chotere akadatayika onse, munthu sakadakhala moyo ngakhale tsiku limodzi. Tsono impso zibwezera m'mwazi pafupifupi madzi onsewo, nizisiya lita imodzi ndi theka kapena malita awiri okha, momwe muli zonyansa za thupi. Umenewo ndiwo mkodzo.

Mkodzowo usonkhana m'tizikho ta m'kati mwa impso, nutsikira m'mphako imodzi yaikulu imene ili pakati pake. Kuchokera m'mphakomo utsata mpita wotalika masentimita 25 kufikira 30, koma wopapatiza ngati phesi la udzu, ndipo mpita umenewu ufika m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo ndi thumba la mnofu losunga ngati theka la lita, ndipo pakhomo pake pali minofu imene itseka ndi kutsegula pamene mwini afuna.

Apa pali chinthu chofunika kuchimvetsa. Dzanja likavulala, munthu alimanga nalipumitsa kufikira lipole. Impso sipuma. Usana ndi usiku ipanga mkodzo, ngakhale pa tsiku lomwelo limene yadulidwa ndi kusokedwa. Chifukwa chake ulusi wa dotolo uyamba kukankhidwa ndi madzi mnofu usanagwirane.

Chifukwa chake mkodzo udontha

Vuto ili ndi lakale monga opaleshoni ya impso yomwe. Pa 2 August 1869, ku Heidelberg m'dziko la Germany, dotolo Gustav Simon adachotsa impso ya mayi wina, ndipo aka kadali koyamba kuti impso ichotsedwe mwadala wodwala n'kuchira. Mayiyo adali atavulazidwa mpita wa mkodzo pa opaleshoni ina ya m'mimba, kotero kuti mkodzo unkadontha usana ndi usiku. Simon adayamba wayesa pa agalu kuti aone ngati chamoyo chikhoza kukhala ndi impso imodzi, ndipo atatsimikiza adachotsa impso imene inkadzetsa mkodzowo. Mayiyo adachira, nauma. Masiku ano impso yabwino sichotsedwa chifukwa cha kudontha kokha, kupatula pamene njira zina zonse zakanika.

Maopaleshoni amene abweretsa kudontha ndi amene atsegula njira ya mkodzo nasiya impso ilikugwirabe ntchito. Yoyamba ndiyo yodula mbali ya impso pochotsa chotupa. Dotolo Vincenz Czerny adaichita mu 1887, ndipo lero ndiyo imene adotolo aikonda chotupa chikakhala chaching'ono, makamaka chosapitirira masentimita 4, pakuti isunga mbali yaikulu ya impso. Chotupa chikazama kufikira ku tizikho tija, mpeni uyenera kutitsegula, ndipo pamenepo pasokedwa. Yachiwiri ndiyo yochotsa miyala ya m'impso mwa kuboola kabowo kumsana, njira imene idayamba ku Sweden mu 1976. Yachitatu ndiyo yokonza khomo la mphako ya impso likakhala lopanikizika, pamene dotolo adula malo opapatizawo nalumikizanso mpita. Yachinayi ndiyo yoika impso ya munthu wina, imene idatheka koyamba ku Boston mu 1954 m'manja mwa dotolo Joseph Murray. Impso yatsopanoyo iikidwa m'munsi mwa mimba, ndipo mpita wake usokereredwa ku chikhodzodzo. Nsonga ya mpitawo ikasowa mwazi wokwanira, msoko umasuka pa masiku kapena masabata oyamba.

Impso ikachotsedwa yonse, kudontha kwa mtundu umenewu sikuonekaoneka, popeza kumbali imeneyo kulibenso chopanga mkodzo. Koma ngati dotolo wachotsa impso pamodzi ndi mpita wake wonse, pa chikhodzodzo patsala msoko, ndipo wodwala akhala ndi kapaipi ka m'chikhodzodzo ngati sabata imodzi kapena kuposerapo kuti msokowo upole.

Mwa anthu 100 ochitidwa maopaleshoni amenewa, ndi owerengeka okha amene akumana ndi vutoli. Zimene ziwonjezera ngozi ndi izi: chotupa chachikulu kapena chozama, matenda a shuga, kusuta fodya, kuchepa kwa chakudya chomanga thupi, tizilombo m'mkodzo, ndiponso koposa zonse kutsekeka kwa njira kumunsi. Kachidutswa ka mwala, mwazi woundana, kapena chipsera chakale zikatseka mpita, mkodzo ubwerera m'mbuyo nukankha msoko. Pa chifukwa chimenechi anthu amene adakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi, nyanja ya Kariba, mtsinje wa Shire kapena wa Zambezi, nadwalapo likodzo, ayenera kuuza dotolo opaleshoni isanachitike. Mazira a nyongolotsi za likodzo asiya zipsera m'chikhodzodzo ndi kumunsi kwa mipita, ndipo zipserazo zikhalapo ngakhale zitapita zaka zambiri munthu atamwa mankhwala a praziquantel.

M'mene adotolo azindikirira

Pomaliza opaleshoni dotolo kawirikawiri asiya kapaipi pafupi ndi impso, kotulukira pakhungu, kamene achipatala akatcha drain. Masiku oyamba mutuluka madzi ofiirira, ndipo achepa tsiku ndi tsiku kufikira kapaipiko kachotsedwa. Ngati m'malo mochepa madziwo achuluka, nasanduka achikasu, namveka fungo la mkodzo, dotolo atunga pang'ono natumiza kukapimidwa. Chimene afuna ndi creatinine, chonyansa china chimene impso zichotsa m'mwazi. Madzi wamba a pa bala ali ndi creatinine wofanana ndi wa m'mwazi, koma mkodzo uli naye wochuluka kwambiri. Muyeso umodzi umenewu ukwanira kuthetsa chikayiko.

Nthawi zina kudontha kuyamba kapaipi katachotsedwa kale, munthu ali kwawo. Pamenepo mkodzo usowa potulukira, nupanga chithaphwi m'kati mwa thupi pambali pa impso. Wodwala amva kuwawa m'nthiti, mimba itupa, chakudya sichimkomera, ndipo mwina thupi litentha. Makina a ultrasound aonetsa chithaphwicho, ndipo chithunzi cha CT, chojambulidwa munthu atabayidwa mankhwala otuluka ndi mkodzo, chionetsa malo enieni a bowo. Kudontha kobisika kotere n'koopsa kuposa koonekera kunja, pakuti mkodzo woima ndiwo malo amene tizilombo tiswana.

Chimene achipatala achita

Mlimi wa kudimba adziwa kuti ngalande ikagumuka, dothi limene amata pogumukapo siligwira madzi akali kukankha. Iye ayamba wachotsa zinyalala kumunsi kuti madzi ayende msanga m'njira yawo, ndipo akatero pogumuka paja pauma ndi kulimba. Adotolo atsata nzeru yomweyo. Madzi asankha njira yapafupi. Chotero ntchito ndiyo kuchititsa njira ya chikhodzodzo kukhala yapafupi kuposa njira ya pa bala. Mnofu wa thupi utseka wokha bowo limene lasiya kukankhidwa.

Zida zake ndi timapaipi. Koyamba ndi drain kaja, kamene kasiyidwa masiku ambiri kuti mkodzo wothawa usaime m'thupi. Ngati kadali kolumikizidwa ku botolo lokoka, dotolo aleka kukokako kuti madzi azitsika okha, popeza kukoka kosaleka kuchititsa bowo kukhala chitsegukire. Kachiwiri ndi stent, kapaipi kofewa koikidwa m'kati mwa mpita, kuchokera m'mphako ya impso kufikira m'chikhodzodzo. Kali kopindika nsonga zonse ziwiri kuti kasapulumuke, ndipo mtundu umenewu adaufotokoza dotolo Roy Finney mu 1978. Sikaoneka kunja konse. Kachitatu ndi catheter, kapaipi kolowa pa njira yokodzera, kokhala ndi kabaluni kokagwira m'chikhodzodzo, kamene dotolo wa ku America Frederic Foley adakapanga m'zaka za m'ma 1930. Odwala ambiri afunsa chifukwa chake aikidwa catheter pamene chikhodzodzo chawo chilibe nthenda. Yankho ndi ili: stent ndi khomo lotseguka mbali zonse, ndipo chikhodzodzo chikadzaza kapena chikafinya pokodza, mkodzo ukwera m'kapaipiko kubwerera ku impso nukankhanso bowo. Catheter isunga chikhodzodzo chopanda kanthu kuti zimenezi zisachitike.

Pamene stent ikanika kulowa, dotolo aboola kumsana naika kapaipi kolowa m'impso mwenimweni, kotchedwa nephrostomy, ndipo mkodzo wa impso imeneyo utsikira m'thumba lakunja. Chithaphwi chachikulu nachonso chiikidwa kapaipi kake. Mankhwala opha tizilombo aperekedwa pamene pali zizindikiro za tizilombo, koma iwo okha satseka bowo.

Kwa ambiri bowo litseka pa masabata owerengeka. Kwa ena papita miyezi iwiri kapena itatu. Opaleshoni yachiwiri ifunika kwa ochepa, makamaka amene adalandira impso ya munthu wina pamene nsonga ya mpita yafa. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nthenda iyi wodwala amene aumiriza dotolo kuchotsa timapaipi nthawi isanakwane atalikitsa yekha masiku ake.

Ntchito ya kunyumba

Odwala ambiri atulutsidwa m'chipatala timapaipi tikali m'thupi. Asanachoke, wodwala ndi munthu mmodzi wa pabanja ayenera kupempha namwino awaonetse ndi manja kasamalidwe kake, ndipo iwo ayesere namwinoyo alikuyang'ana. Malamulo ake ndi awa.

1. Manja asambidwe ndi sopo ndi madzi oyera munthu asanakhudze kapaipi, thumba kapena bala, ndiponso atatha.

2. Thumba la mkodzo likhale nthawi zonse m'munsi mwa chiuno, pakuti madzi sakwera phiri. Masana limangidwe pa ntchafu m'kati mwa chitenje kapena thalauza. Usiku likolekedwe pambali pa bedi, kapena liikidwe m'beseni loyera, osati pa dothi. Wogona pa mphasa ayenera kukwezedwa, pa bedi lobwereka kapena pa matiresi okhuthala, kuti thumba likhale pansi pa thupi lake.

3. Kapaipi kasapindike, kasagonedwe, ndipo kasakokedwe. Kamatidwe pakhungu ndi pulasitala kuti munthu akakodwa pa chitseko kasazuke. Ana ang'ono asaseweretse thumbalo.

4. Thumba likhuthulidwe lisanadzaze, likangopitirira theka, potsegula kampopi ka pansi pake, ndipo kampopiko kasakhudze chimbudzi kapena chidebe. Polumikizira kapaipi ndi thumba pasamasulidwe popanda chifukwa, pakuti pamenepo ndipo tizilombo tilowera.

5. Madzi otuluka ayesedwe ndi kulembedwa. Matumba ambiri ali ndi manambala pambali pake. Ngati alibe, botolo la mamililita 500 likwanira. M'kope mulembedwe tsiku, muyeso wa thumba lililonse palokha, ndi maonekedwe a madziwo. Kope limeneli ndilo liuza dotolo ngati bowo lilikutseka, ndipo liyenera kupita nawo ku ulendo uliwonse wa kuchipatala.

6. Khungu litetezedwe. Mkodzo ukakhalitsa pakhungu uliwotcha, ndipo pabuka zilonda. Nsalu yomangira bala ikanyowa isinthidwe msanga. Khungu lozungulira litsukidwe ndi madzi oyera, liumitsidwe mwa kugunditsa nsalu pang'onopang'ono osapekesa, kenaka lipakidwe Vaseline kapena mafuta a zinc. Mafutawo asalowe m'bala. Phulusa, ufa, masamba ndi mizu zisaikidwe pa bala ngakhale pang'ono. Kudontha kukachuluka, namwino akhoza kumata pakhungu kathumba kolandira madziwo. Nsalu zogwiritsanso ntchito zichapidwe ndi sopo, ziyanikidwe padzuwa, ndipo zisitidwe ndi simbi yotentha.

7. Wodwala asambe ndi chitambaya, osanyowetsa pa bala. Kusamba m'mtsinje, m'nyanja kapena m'dziwe kudikire kufikira timapaipi tonse tachoka ndi mabowo atseka.

8. Madzi akumwa asachepetsedwe. Ili ndilo lamulo limene lithyoledwa kawirikawiri, pakuti wodwala aganiza kuti akaleka kumwa aleka kudontha. Zoona zake n'zakuti mkodzo wochepa ukhala wowawa, utseka timapaipi, uitana tizilombo, ndipo impso yovulalayo ivutika koposa. Ngati malita awiri pa tsiku ndiwo muyeso wa anthu ambiri, kuti mkodzo ukhale woyererako. Koma amene ali ndi nthenda ya mtima, kapena amene impso zake zili zofooka, atsate muyeso umene dotolo wamuuza.

9. Ntchito zolemetsa zileke kwa masabata 6, kapena monga dotolo anena: kulima, kusinja, kusenza ndowa, kuwaza nkhuni, kupalasa njinga. Koma kugona tsiku lonse nakonso n'koipa. Wodwala ayende pang'ono pabwalo m'mawa ndi madzulo, kuti mwazi usaundane m'miyendo.

10. Kudzimbidwa kupewedwe, pakuti kudzikakamiza kuchimbudzi kukankha misoko. Nsima ya mgaiwa, ndiwo zamasamba ndi zipatso monga mapapaya zithandiza. Nyemba, nsomba ndi mazira zimanga mnofu watsopano. Mchere uchepe, ndipo fodya alekedwe.

11. Pa ululu, paracetamol ndiye woyenera. Ibuprofen ndi diclofenac, amene agulidwa m'masitolo ambiri, achepetsa mwazi wopita ku impso, ndipo asamwedwe popanda chilolezo cha dotolo. Chimodzimodzi mankhwala a zitsamba, pakuti palibe adziwa mphamvu yake, ndipo chilichonse chimene munthu amwa chipyola m'impso.

Zizindikiro za ngozi

Wodwala apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, usiku ngakhale usana, akaona chimodzi mwa izi: kutentha thupi kofika madigiri 38 kapena kunjenjemera, ululu wokulirakulira m'nthiti kapena m'mimba, kutupa kwa mimba ndi kusanza, mafinya kapena kufiira kofalikira pa bala, mwazi wambiri kapena woundana m'thumba, mkodzo wosatuluka konse kwa maola angapo, kufooka kwakukulu kapena kusokonezeka mutu.

Ziwiri mwa izi zinyenga anthu. Choyamba ndi kutentha thupi. Kumene malungo ali ofala, munthu akatentha thupi abale athamangira mankhwala a malungo, nadikira masiku atatu. Koma kwa munthu wokhala ndi kapaipi m'impso, tizilombo tikhoza kulowa m'mwazi ndi kumupha masiku atatuwo asanathe. Ngakhale muyeso wa malungo utaonetsa kuti alipo, wopima auzidwe za opaleshoni ndi timapaipi, kuti apimenso mkodzo ndi mwazi. Amene adalandira impso ya munthu wina achenjere koposa, popeza mankhwala amene amwa tsiku ndi tsiku afooketsa chitetezo cha thupi, nabisa kutentha. Kwa iye kungomva thupi lachilendo n'chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala.

Chachiwiri ndi kuuma kwadzidzidzi. Kudontha kumene kulikupola kuchepa pang'ono ndi pang'ono, ndipo wodwala apeza bwino. Koma thumba limene dzulo lidadzaza likapezeka lero lopanda kanthu, ululu n'kuyamba, ndiye kuti kapaipi katsekeka kapena kasuntha, ndipo mkodzo ulikusonkhana m'kati. Omsamala ayang'ane ngati kapindika. Ngati sikadapindike, ulendo uyambe.

Kapaipi kakazuka, munthu asayese kukabwezera yekha. Pabowopo paphimbidwe ndi nsalu yoyera, kapaipiko katengedwe, ndipo apite msanga, chifukwa njira ya nephrostomy iyamba kutseka pa maola owerengeka, ndipo kuchedwa kuchititsa kuti dotolo aboole kachiwiri.

Kudontha kwa pa njira yokodzera

Pali kudontha kwa mtundu wina kumene anthu akusokoneza ndi koyamba kuja. Uku mkodzo utuluka pa njira yake ya masiku onse, koma mwini asanafune. Magwero ake si bowo la m'impso ayi, koma chikhodzodzo chovutitsidwa.

Mkodzo ukadontha m'mbali mwa catheter, mwina kapaipiko katsekeka, mwina chikhodzodzo chilikufinya pofuna kukankha kabaluni. Ngati thumba lilikudzazabe, chifukwa chake ndi kufinyako, ndipo dotolo ali ndi mankhwala okuchepetsa. Ngati thumba lauma ndi chinena chatupa, catheter isinthidwe msanga. Stent nayonso ikhudza khoma la chikhodzodzo, kotero kuti munthu akodza pafupipafupi, amva kufulumizidwa, aona mwazi pang'ono akayenda kwambiri, ndiponso amva kuwawa kumsana pokodza. Izi zitha stent ikachoka. Koma mkodzo ukayamba kutuluka kosalekeza, usana ndi usiku, zikhoza kutanthauza kuti stent yatsika kupyola minofu ya pakhomo, ndipo dotolo aone.

Catheter ikachotsedwa, anthu ena avutika kusunga mkodzo kwa masiku angapo, makamaka amayi amene adabereka ana ambiri ndi okalamba. Chithandizo chake ndicho kulimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, monga adaphunzitsa dotolo Arnold Kegel mu 1948. Munthu afinya minofu imene afinya pofuna kuletsa mpweya wa m'mimba kutuluka pamaso pa anthu, nawerenga kufikira 5, namasula, nawerenganso kufikira 5. Achite chotero ka 10, katatu pa tsiku, osaumitsa mimba kapena kugwira mpweya, ndipo akazolowera awerenge kufikira 10. Phindu lake lioneka patapita masabata angapo, mwina miyezi itatu. Tiyi wambiri, khofi ndi mowa zisautsa chikhodzodzo, ndipo zichepe. Bambo wachikulire amene adontha pang'onopang'ono kosaleka, koma pokodza mkodzo utuluka mofooka, akapimidwe msanga. Mwina chikhodzodzo chake chadzaza nichisefukira chifukwa prostate yatseka njira, ndipo kudzaza kotere kuwononga impso.

Kapaipi koiwalika

Popeza stent sioneka, kudontha kukatha munthu aiwala kuti ali nayo, makamaka ngati kwawo kuli kutali ndi chipatala, kapena opaleshoni idachitikira m'dziko lina. Imeneyi ndi ngozi yaikulu. Monga ketulo yophikiramo madzi a mchere imanga zoyera m'kati mwake, stent yokhalitsa imanga miyala, nitsekeka, ndipo impso imene idapulumutsidwa ndi ntchito yaikulu ikhoza kufa mwakachetechete. Kawirikawiri stent ichotsedwa patapita masabata 4 kufikira 6, ndipo yofunika kukhalitsa isinthidwa pa miyezi 3 kufikira 6. Kuichotsa pa nthawi yake ndi ntchito ya mphindi zochepa, yodzera pa njira yokodzera popanda kudula. Kuichotsa itakhala zaka kufuna maopaleshoni angapo. Tsono asanatuluke m'chipatala wodwala afunse mafunso atatu: kodi m'thupi mwatsala kapaipi, kadzachotsedwa tsiku liti, ndipo kadzachotsedwera kuti? Mayankho alembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo wachibale mmodzi awadziwe.

Za manyazi

Chimene chilemera wodwala koposa ululu ndi manyazi. Munthu wamkulu, kholo la ana, adziona ngati khanda, naleka kupita ku tchalitchi, ku msika ndi ku maliro. Ena abisira ngakhale mkazi kapena mwamuna wawo, nachapa nsalu usiku. Amene abisa chotero achedwanso kunena pamene zinthu zaipa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Abale adziwe kuti kudontha kumeneku sikupatsirana, sikudza chifukwa cha ufiti kapena chigololo, ndipo si uve wa wodwala. Fungo litha ndi madzi akumwa okwanira, nsalu zouma ndi thumba lokhuthulidwa pa nthawi yake. Munthu wosamalidwa chotero akhoza kukhala pakati pa anzake popanda wina kudziwa. Asapatulidwe pa chakudya kapena pogona. Omsamala asinthane ntchito, kuti isagwere munthu mmodzi yekha, ndipo ndalama za ulendo wa kuchipatala zisungidwe padera kuyambira tsiku loyamba, pakuti ngozi sinena tsiku lake.

Bowo likatseka ndi timapaipi tikachoka, munthu abwerera ku ntchito zake monga kale. Impso imodzi yabwino, kapena imodzi ndi mbali ya inzake, ikwanira kusunga moyo kufikira ukalamba. Chotsalira ndicho kuisamala: kupimitsa kuthamanga kwa mwazi, mkodzo ndi mphamvu ya impso kamodzi pa chaka kapena monga dotolo anena, kuchiza msanga matenda a shuga ndi likodzo, ndi kuuza wachipatala aliyense za opaleshoniyo asanalembe mankhwala.